Zaka zisanu tikudzutsa makompyuta ndi fulashi

Mwezi uno shopu yathu yokonza makompyuta ku Zomba yakwanitsa zaka zisanu, ndipo chida chimene chatifikitsa pano n'chaching'ono ngati chala: fulashi yoyatsira kompyuta. Timatenga fayilo ya ISO (fayilo imodzi yonyamula pulogalamu yonse) ya Ubuntu, pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta imene kampani ya Canonical inatulutsa koyamba mu 2004, n'kuilemba pa fulashi ndi pulogalamu yotchedwa Startup Disk Creator. Tikaibaya m'kompyuta imene mwini wake anataya nayo mtima, n'kudina batani la F12 pa kompyuta ya Dell kapena la F9 pa ya HP, makinawo amadzukira pa fulashipo osakhudza hard disk, ndipo mafayilo a munthu timawapulumutsa iye akuona.

M'chaka chachiwiri bizinesiyi inatsala pang'ono kugwa. Tinatenga ngongole n'kuoda mafulashi makumi anayi olembedwa 32GB, osadziwa kuti m'kati mwake munalibe malo okwana ngakhale 4GB. Fulashi yotere imanamiza kompyuta, imalandira fayilo yonse ngati zili bwino, koma zimene zapitirira malo ake enieni zimasowa. Tinadzazindikira tili pa sukulu ina, titafufuta kale makompyuta asanu ndi limodzi, Ubuntu itaima pakati pa njira, aphunzitsi aakulu ataima pakhomo mikono itapindidwa. Tinagona m'kalasi momwemo masiku awiri kuti tikonze cholakwacho, osalandira ngakhale tambala. Amene anatigulitsa katunduyo anasiya kuyankha foni, pamene otikongoza ndalama sanaphonyepo tsiku ndi limodzi lomwe. Kuyambira pamenepo fulashi iliyonse timaiyesa ndi pulogalamu ya f3, imene imaonetsa malo ake enieni, ndipo ISO iliyonse timaitsimikiza ndi SHA256, njira yoonera ngati fayilo sinaonongeke, tisanailembe.

Tikuthokoza Mulungu, mayi athu amene anatibwereka khonde loyambirapo, aphunzitsi aja amene anatikhululukira n'kutitumiziranso anzawo, ophunzira a pa yunivesite ku Chancellor amene amabwera ndi malaputopu nthawi ya mayeso, anyamata athu awiri amene sanatithawe malipiro atachedwa, komanso anthu a m'mayiko ambiri amene amalemba Linux, maziko a Ubuntu, kwaulere osatidziwa n'komwe.

Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta akale ambiri sangalandire Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Musataye kompyuta yanu, bwerani nayo. Tidzakuyatsirani Ubuntu kapena Lubuntu, mtundu wake wopepuka, pa fulashi, muiyese nokha tisanafufute kanthu, ndipo mwezi uno wonse aliyense wobwera ndi fulashi yake ya 8GB timulembera kwaulere.