Zomwe ndaganiza pa mlatho lero

Madzulo ano ndaima pa mlatho wa Bakili Muluzi kuyang'ana Shire akutsikira ku Malombe, mutu n'kudzaza nkhani. Pirirani, anzanga.

Munthu woona mtima sachita kulumbira. Wogulitsa chambo akayamba “ndalumbira, chavuulidwa m'mamawa uno”, ine ndimatsegula m'makha kuona ngati muli mofiira. Pakamwa pamanama, makha sanama.

Zachikondi nazo n'chimodzimodzi. Achimwene, ngati “ndimakukonda” wanu amabwera usiku wokha pa WhatsApp, koma akadwala simukwera ngakhale kabaza kukamuona kuchipatala, mtsikanayo mumusiye apume. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Achemwali, inunso musamayese chikondi ndi mayunitsi.

Andale ndiye ayi. Chaka cha 2025 tisanavote pa 16 September ankatidziwa mayina, zitenje n'kumagawa ngati pa ukwati. Lero foni “ali mu msonkhano”. Nkhani ya msewu wa ku Makanjira taimva pa misonkhano ingati kuyambira tili ana? Chitenje changa chija mayi akuyanikirapo ufa, bola chagwira ntchito.

Ndipo amene muli ndi ngongole yanga ya usipa, ndakuonani dzulo mukudya kanyenya pa depoti.