Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Chaka chimene ndinkaopa chikasu

M'gawo lapita lija ndinakusiyani ndili pa depoti ya Mangochi, uta wobwereka uli m'chikwama, ndikudikira minibasi ya ku Lilongwe kukachita mpikisano wanga woyamba woponya mivi. Ena mwakhala mukufunsa kuti zinatha bwanji. Zinatha moipa, n'chifukwa chake ndazengereza kulemba.

Kwa inu amene simunaonepo masewerawa, chandamale chimaikidwa pa mtunda wa mamita 70, ndipo kukula kwake ndi masentimita 122. Pakati pali chikasu, pamene pali mapointi 10 ndi 9, kenako kufiira, buluu, kuda, kuyera n'kumalizira kunja. Kabwalo ka 10 ndi ka masentimita 12.2 basi, ngati chimbale cha CD. Poyamba aliyense amaponya mivi 72, ndipo wolasa pakati pokhapokha angapeze 720. Ine kumudzi, pa bwalo la mpira kuseri kwa sukulu, m'mamawa mwera usanayambe kuwomba, ndinkadutsa 550 kawirikawiri. Ndinkadzimva. Areneo David, Mmalawi woponya mivi, anali atapita kale ku Olimpiki ya ku Rio mu 2016, ataphunzitsidwa ndi Park Young-sook wa ku South Korea, ndipo mumtima ndinkati wotsatira ndine.

Wezulo italira ku Lilongwe ndinakweza uta monga mwa masiku onse. Pa uta pamakhala kachitsulo kotchedwa kilika, kamene kamalira kuti "ke!" muvi ukakokedwa kufika pa mlingo wake, ndiye pamenepo umasiya nsinga. Ndinakoka, nsinga inafika pachibwano, koma kilika zii. Kadontho koyang'anira kanaima pa buluu, pansi pa chikasu, ndipo mkono unakana kukwera ngati aumangirira mwala wa nangula. Ndinatsitsa uta. Ndinakwezanso, chimodzimodzi. Kachitatu zala zinangomasuka zokha kadontho katangokhudza kufiira, muvi n'kukalowa mu udzu. Nthawi inatha mivi iwiri ili m'phodo. Mtsikana amene anali pambali panga, wamng'ono kwa ine, sanandiyang'ane n'komwe, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanandiseka.

Chiwerengero cha tsiku limenelo sindilemba pano. Chikalata chake ndinachiponya mu Shire tikuwoloka pa mlatho wa Bakili Muluzi... bodza, ndinangochifuna kutero, chikadali m'sutikesi.

Nditafika kunyumba, amalume, amene moyo wawo wonse akhala akupha nsomba pa nyanja ya Malombe, anamvetsera mpaka kumapeto kenako anati, "Mphwanga, apa palibe chovuta kumva. Wina wakumanga mkono. Mawa tilawirire kwa munthu wina ndikumudziwa." Kunena zoona ndinatsala pang'ono kuvomera, chifukwa ndi mmene zinkamvekera m'thupimu. Mkono womwewo unkanyamula ndowa yamadzi, unkapalasa bwato, koma ukangoona chikasu unkauma gwa. Ndipo matendawa ananditsatira mpaka pa bwalo lathu lija, pamene ondionerera anali mbuzi zokha.

Akochi anga sanadabwe. Anati vutoli lili ndi dzina, azungu amati target panic, ndipo limagwira ngakhale akatswiri, makamaka amene ayamba kuwerenga mapointi muvi usanachoke pa uta. Maso akaona chikasu, ubongo umathamangira kuzotsatira, thupi n'kudzidzimuka lisanamalize ntchito yake.

Mankhwala awo anandinyasa. Anachotsa pepala lonse la chandamale, n'kutsala thumba lathu lija lodzaza maukonde akutha ndi masanza, lonunkha usipa dzuwa likaswa. Anandiimika mamita atatu okha kuchokera pathumbapo. "Tseka maso, iwe. Ponya." Ndinati, "Akochi, ndiye ndilasa chiyani?" Anati, "Palibe. Undiuze chimene wamva kumsana." Masabata asanu ndi limodzi ndinkaponya chonchi, ana a sukulu akuseka pampanda kuti achimwene apenga. Sabata yoyamba sindinamve kalikonse koma manyazi. Yachitatu ndinayamba kumva fupa la phewa likutsetsereka kulowera kumsana, mpweya ukutuluka theka, nsinga ikukhudza nsonga ya mphuno, kilika n'kulira yokha popanda kuyembekezera. Anandipatsa mawu anayi oti ndizinena chamumtima pa muvi uliwonse: phazi, phewa, chibwano, koka. Mutu ukatanganidwa ndi amenewo, mpata woganiza za 10 sukhalapo.

Ndimatsutsana nawo amene amauza ana kuti "ingodzikhulupirira". Ine popita ku Lilongwe ndinkadzikhulupirira kwambiri, mwinanso mopyola. Chimene ndinalibe ndi chochita pamene mtima wayamba kugunda m'makutu.

Pepala analibwezeretsa mu Julayi, mwera uli pachimake, mitengo ya migwalangwa ikuchita phokoso kuseri kwa bwalo. Tinayambira pa mamita 18. Nditatsegula maso n'kuona chikasu, m'mimba munachita thuu ngati kale. Phazi, phewa, chibwano, koka. Ke! Muvi unalowa pofiira, pa 7, chakumanzere. Ndinatembenuka kuti ndione nkhope ya akochi, koma iwo anali akusenda chinangwa chootcha, osayang'ana chandamale n'komwe.

"Wachiwiri," anatero.

Gawo likubwerali ndidzakuuzani za ulendo wobwerera ku Lilongwe, ndi mmene ndinakumaniranso ndi mtsikana uja, ulendo uno awiriwiri.