Ku Harare msuweni wanga ananditengera kudambo

Ulendo wa ku Harare pa basi mukuudziwa kale, Mwanza, Tete, Nyamapanda, kutentha, mizere ya pa boda, kufika miyendo itatupa. Za zimenezo sindichulutsa. Ine ndimapita kukaona azakhali ku Mufakose, iwo anabadwira konko, agogo anapita kalekale nthawi ya Federation kukafuna ntchito osabweranso, koma Chichewa chilipobe pakhomopo ngakhale chimasakanikirana ndi Chishona mpaka nthawi zina umangovomera osamva.

Msuweni wanga ndi wa zachilengedwe, amakonda mbalame heve. Ine ndimati anditengera mtauni tikaone ma mall, iye akuti ayi mawa mudzuke m'mamawa tikupita ku Monavale Vlei, muvale nsapato zoti simukuzimvera chisoni. Inali Januwale, mvula ili pakati.

Titafika ndinamuyang'ana kaye. Ndi dambo basi, udzu wofika m'chiuno, matope, achule, nyumba za anthu zikuonekera mbali zonse. Ndinati asuweni, dambo ndalisiya kwathu ku Zomba, mwandidzutsira chimenechi? Anangoti pondani apa. Nditaponda nthaka inabonyoka pang'ono madzi n'kutuluka m'mbali mwa nsapato, oyera bwinobwino oti umaona mizu ya udzu pansi, tinsomba ayi koma tiana ta achule tili yakaliyakali.

Apa m'pamene anayamba kundifotokozera, ndipo mnyamatayu akayamba sapuma. Harare inamangidwa pamtunda, ndipo madzi amene anthu amamwa amachokera kumunsi, ku Lake Chivero, damu lomwe linamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, kale linkatchedwa McIlwaine. Mitsinje ngati Marimba ndi Mukuvisi imayambira m'madambo a mumzinda momwemu n'kukathira kumeneko. Ndiye chilichonse chomwe mzinda wataya chimatsetsereka kupita ku Chivero, kenako amachipopa, kuchiyeretsa ku Morton Jaffray, n'kubwereranso pa mpopi. Dambo limagwira ntchito ngati chinkhupule, mvula ikagwa limamwa madzi, mizu ndi dothi zimasefa zoipa, ndiye chilimwe limatulutsa pang'onopang'ono mtsinje osauma. Ukalimapo kapena kuthirapo konkire madzi amangothamanga tsiku limodzi, kusefukira m'nyumba za anthu, pofika Okutobala zitsime gwa.

Monavale ili pa mndandanda wa Ramsar, pangano la madambo lomwe linasainidwa ku Iran mu 1971. Zimbabwe inalowa mu 2013 ndi malo asanu ndi awiri, ndipo atatu mwa amenewo ali kuno, Monavale, Cleveland Dam ndi Chivero yomweyo pamodzi ndi Manyame. Ife kwathu tili ndi Nyanja ya Chilwa, komanso Elephant Marsh yomwe inalowa mu 2017. Chomwe chinandisangalatsa n'choti malowa sanawapulumutse ndi mpanda wamagetsi kapena mfuti ayi, ndi anthu okhala m'derali omwe anapanga gulu lawo la COSMO, mothandizana ndi a BirdLife Zimbabwe, analetsa kulima ndi kutaya zinyalala mbali ina ya dambo, n'kumazula zomera zachilendo. Sanadzale mitengo. Izi zinandidabwitsa chifukwa kwathu ukangoti chilengedwe aliyense wanyamula kale mbande, koma iye akuti dambo si nkhalango, ukadzalamo bulugamu walipha chifukwa amamwa madzi kwambiri, udzu wachilengedwe umabwerera wokha ukangousiya.

Mbalame zomwe anthu amabwerera kuchokera kutali, striped crake ndi streaky-breasted flufftail, zimabwera nthawi ya mvula kudzaswa mu udzu wonyowawu. Ine sindinaione ngakhale imodzi, zimabisala koopsa. Msuweni anangoimika dzanja n'kuti mwamva? Ine ndinamva achule. Koma mfundo yake ndinaigwira, amalemba mbalame zomwe aziona ndi kuzimva chaka ndi chaka, zikayamba kusowa amadziwa kuti madzi m'dambomo asintha anthu tisanazindikire.

Tsiku lina tinakwera kombi ya msewu wa ku Bulawayo kupita ku Chivero. Malo okongola ndithu, miyala ikuluikulu yosanjikizana, mitengo ya msasa, nkhwazi ikulira penapake. Koma ukafika m'mphepete fungo limakulonjera lisanakuonekere dziwe. Madzi obiriwira, ndi namasupuni wathu yemwe uja wa pa Shire ku Liwonde ali thoo m'makona. Suweji yosayeretsedwa bwino ndi feteleza wokokoloka zimadyetsa ndere, ndipo mtundu wina wa ndere, cyanobacteria, umatulutsa poizoni. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa mu paki ya pomwepa zitamwa madzi amenewa, pamodzi ndi mbidzi, nyumbu ndi nkhwazi, nsomba zinayandama zambirimbiri mpaka usodzi anauletsa kaye. Taganizani, chipembere chomwe ma ranger amachilondera usiku ndi usana kuopa opha nyama mozembera, n'kudzafa ndi madzi ochokera m'zimbudzi za mtauni. Ndinakhala chete kanthawi. Munthu wina ankagulitsa nsomba pamsewu pobwerera, zooneka bwino ndithu, ndinangoti zikomo bambo.

Nkhani inavuta madzulo kunyumba. Azakhali ali ndi kamunda kawo ka chimanga kumunsi kufupi ndi mtsinje, m'dambo momwemo, ndipo theka la Mufakose limachita chimodzimodzi. Msuweni atangoyamba za madambo pa nsima, azakhali anaika chipande pansi. Anati iwe, nsima ukudyayi yachokera kuti? Anthu andalama amanga mashopu ndi nyumba zosanja pa dambo mapepala ali nawo, palibe amawagwetsera, koma akhonsolo akabwera amadzathyola chimanga cha ine nkhalamba. Kenako anatembenukira kwa ine, mwana wa achimwene anga, kwanu ku Chilwa anthu salima mpunga m'dambo?

Amalima azakhali, ndinatero. Ndipo kunena zoona ine ndinali mbali yawo pang'ono, khasu likhoza kusiyidwa udzu n'kumeranso, koma konkire ikalowa ndiye basi zatha, ndiye kuyambira pa wa khasu n'kuyambira pofewa. Msuweni sanatsutse zimenezo, anangoti mayi feteleza yekhayo ndiye chepetsani, ndipo mizere yomalizira ija isafike pamadzi. Azakhali anati aona chaka chamawa, zomwe kwathu tonse timadziwa tanthauzo lake. Madzi pampopi anali atatha masiku angapo, ndiye titadya anatipatsa zigubu tonse awiri kuti tikaime pa mzere ku borehole kusanade.