Loweruka lachisanu ndi chimodzi kumanda akale a ku mishoni

Lero tinalipo anthu 9 basi, ena chiperoni cha m'mawa chinawabweza m'bulangete, komabe ntchito yoyeretsa manda yayenda ndithu. Tinakumana cha m'ma 6 koloko pa tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, kupemphera kaye kenako kudikira mkulu wa mpingo amene amatilowetsa, paja kumanda sumangolowa ngati pamsika, ngakhale m'tauni muno ulemu wake ndi womwe uja wakumudzi.

Mzere wakumunsi uja tinausiya theka sabata yatha taumaliza. Anyamata anali ndi zikwanje ndi makasu, ife kumbuyo kukoka zinyalala pa wilibala, mawilibala 14 ndinawerenga. Chitedze chilipo chambiri pampanda, mukabwera sabata ya mawa valani za manja aatali chonde, mnzathu wina wapita kwawo akudzikanda mpaka m'khosi.

Koma chomwe ndikufuna ndinene kwambiri ndi cha ziliza. Sabata yachiwiri ija ine ndinatenga burashi ya waya ndi Jik kukwecha chiliza china choyera, ndimati ndikuchita zabwino eti, chinawaladi tsiku lomwelo koma lero ndachiyang'ana bwinobwino zilembo ziwiri za dzina zafufutika, pamwamba pakhakhala ndipo ndikagwira pakuyoyoka ngati mchenga. Zandipweteka mumtima zedi chifukwa mwalawu wakhala zaka zoposa 100 mvula osautha, ine ndauwononga m'mawa umodzi. Ndiye tagwirizana kuti kuyambira pano ndi madzi okhaokha, burashi yofewa ndi kamtengo kopalira ndere pang'onopang'ono, kuyamba wanyowetsa kaye mwala wonse. Chiliza chong'ambika kapena chopendekeka osachikhudza, kungochijambula basi. Zimachedwa inde, lero tatsuka zinayi zokha, koma dzina likuwerengeka.

Popuma tikudya chinangwa ndi tiyi, abambo ena achikulire a gulu lathu anatifotokozera za Dr John Bowie, dokotala wa pamishoni pano. Mu 1891 mwana wa mlongo wawo anadwala diphtheria, matenda otseka pakhosi aja, iwo anaboola pakhosi kuika kapaipi ndipo kakatsekeka ankayamwa ndi pakamwa pawo kuti mwana apume. Mwana anamwalira, mayi ake nawonso, adokotala nawonso. Bambo a mwanayo anali Henry Henderson, yemwe uja anasankha malo a mishoni ino mu 1876 ndipo dzina la sukulu ya HHI (Henry Henderson Institute) likuchokera kwa iwo, anamwalira chaka chomwecho ku Quelimane ali paulendo wobwerera kwawo. Chaka chomwechonso ndi chimene tchalitchi chija anamaliza kumanga, chija anayamba mu 1888. Tonse tinangoti zii. Ine ndadutsa pa HHI pa minibasi kuyambira ndili mwana osadziwa zimenezi.

"Mwanawe, tsono amene anaumba njerwa zija ndi kuzisenza pamutu agona kuti?" anandifunsa choncho abambowo. Funsoli landikhala. Kuli manda ambiri ongoti kamulu ka dothi ndi miyala m'mbali, ena mtanda wachitsulo unazulidwa ndi anthu ogulitsa zitsulo zakale, patsala dzenje lokha.

Ndiye ndagula kope lachikuto cholimba, mzere uliwonse ndikuupatsa nambala, ndikulemba dzina ndi chaka, pomwe palibe dzina ndikulemba kuti pali munthu ndi kujambula malowo pafoni. Pano ndafika manda 37. Loweruka likubwerali tiyamba mbali ya pansi pa mitengo, amene ali ndi ndowa yapulasitiki abwere nayo, zathu ziwiri sizikukwana.