Kapasita yomwe inabalalitsa kwaya

Fuzz Face, pedal (kabokosi koponda ndi phazi) yokalipitsa gitala ija, ndi yosavuta kupanga: matransista awiri, maresista anayi, makapasita (tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi) atatu, basi. Inayamba kugulitsidwa ku London mu 1966, ndiye ndinati anthu a kalelo angandipose chiyani ine wokhala ndi wailesi yakufa ya apongozi?

Makapasita onse ndinazula m'wailesimo, ndipo posankha ndinasamala, musandinyoze. Aja obiriwira ngati maswiti, a filimu, ndiwo abwino podutsa mawu a gitala, komanso alibe kutsogolo kapena kumbuyo. Yolembedwa 103 ndi 0.01uF, yoyenera potulukira mawu. Ukaikapo 104 wachulukitsa kakhumi, mabesi amasefukira. Timbale ta seramiki ndinatisiya, chifukwa tina timatola phokoso ukangogogoda bokosi. Kenako pali timigolo ta electrolytic, tokhala ndi mzere kumbali ya negetivu, malire a mphamvu atalembedwa pathupi. Ndinawonjezapo kamodzi ka 100uF, ka malire a 16V, koti kazisefa magetsi. Kunyumba, pa batire ya 9V, chinthu chinalira mokoma mpaka galu kukabisala kuseri kwa bafa.

Loweruka tikuphunzira nyimbo kutchalitchi, batire inatha. M'bale wa pa kiyibodi anati, "Achimwene, tengani chaja ya laputopu yangayi, kamutu n'kofanana." Kanalowadi. Zolembedwa pachajapo palibe anawerenga: imatulutsa 19V, ndipo pozitivu ili pakati, pomwe pedal yanga, monga zambiri za gitala, imafuna negetivu pakati. Kamgolo kanga kanalandira magetsi opyola malire, obwera chadodolido.

Tisanafike n'pakolasi pomwe, phuu! Amayi a soprano onse pansi. Wang'oma anatulukira pawindo timitengo tili m'manja. Utsi tolotolo, timapepala ta m'kapasita tikuuluka, fungo la nsomba yowola lili guu. Akulu ampingo omwe ankawerenga ndalama m'kachipinda anatuluka atakumbatira mbale, akufunsa kuti achifwamba alowera khomo liti. Mwini chaja anali atazula kale katundu wake, akuyang'ana kudenga ngati sitidziwana.

Amayi otsogolera kwaya anadzuka, kusasa chitenje, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi. "Inu bambo, mawa mudzaimba maseche."

Ndinafunsa ngati ndingabwere nayonso nditaikamo kapasita ya 25V ndi dayodi yotchinga magetsi obwera chadodolido. Kwaya yonse, yomwe chiyambire masana inkalephera kuyambira pamodzi, inayankha ndi mawu amodzi, soprano mpaka besi: "Ayi!"