Mpirawo ikani pansi!

Anzanga a kuntchito kuno ku Wigan, ku England, anaperewera munthu mmodzi kuti akwane 13 pa masewero a rugby league Loweruka lina, ndiye diso linagwera ine. Ati anandionapo ndikuthamangira basi. Ndinavomera msangamsanga, poti kwathu ku Zomba pa mpira wamiyendo anthu ankandidziwa, makamaka achibale.

Malamulo anandiuza tili m'galimoto, onse akulankhulira pamodzi. Mpira suponyedwa kutsogolo. Akakugwetsa, umadzuka n'kuukankhira kumbuyo ndi phazi. Timu ikagwetsedwa kasanu ndi kamodzi, mpira umapita kwa anzanuwo. Kugwira munthu m'khosi kapena kumutu ndi mlandu. Kenako mkulu wina, wosapota Wigan Warriors mpaka mumtsempha, analanda nkhani n'kuyamba kundiphunzitsa kuti masewerowa anabadwa mu 1895 ku Huddersfield, matimu akumpoto atagalukira akuluakulu a rugby pa nkhani yolipira osewera omwe ajomba kuntchito. Mbiri yonseyo ndinaimva bwino. Koma zoti try, chigoli cha mapointi 4, imawerengedwa pokhapokha wakanikiza mpira pansi ukafika pa mzere woyera wa kugolo, palibe anazitchula.

M'chigawo chachiwiri mpira unandipeza ndili phee kumphepete, ndikupewa mavuto. Nditacheuka ndinaona chimphona cha ndevu zofiira, chopanda khosi, chikubwera ngati ng'ombe yothawa kudibi. Liwiro lomwe ndinatulutsa pamenepo linali la mantha enieni. Posakhalitsa ndinangoona ndadutsa mzere woyera, anthu akukuwa.

Ndinakweza mpira m'mwamba ndi manja awiri, n'kuyamba kudula chiuno. Anzanga akuthamanga, akufuula: "Pansi! Pansi!" Tsono inu mukudziwa kuti kwathu ukamavina anthu n'kumati pansi, ndiye kuti gule wakoma. Ndinatsika nacho chiuno mpaka mawondo kulira, mpira udakali kumwamba.

Chimphona chija chinafika. Mkono wake unandikola pakhosi, mpira uko, ine uku, m'kamwa matope okhaokha.

Woyimbira analiza wezulo n'kuchionetsa khadi lachikasu, kuti chikapume kunja mphindi 10. Kaputeni wathu anayamba kudandaula kuti atipatse penalty try. Lamulo limati ngati woyimbira waona kuti try ikanachitika pakanapanda kuchita zachinyengo, amaipereka ndithu, ndipo mpira wowonjezera wa mapointi 2 umamenyedwa kutsogolo kwa golo penipeni. Kaputeni wa enawo anakana kwamtuwagalu: "Uyu mukanamusiya mpaka mawa, akanakhala akuvinabe."

Woyimbira anawerama pomwe ndinagonapo. "Bambo, mpirawu mumafuna kuuika pansi?"

Anzanga onse akunditsinzinira diso, wina mpaka kugwedeza mutu kuti ndivomere. Ine ndi mutu wozungulira ndinayankha mwaulemu: "Pansi bwanji, bwana? Pali matope."

Anatipatsa penate wamba, mapointi 2 basi m'malo mwa 6. Mkulu wa mbiri uja anagwira kumutu, akundiwerengera kuti ndikanakanikiza mpira pansi n'kumenyedwa nthawi yomweyo, tikanapatsidwanso penate yapadera, zonse pamodzi ndi try ndi mpira wowonjezera uja n'kukwana 8. Tinaluza ndi mapointi 2.

Madzulo kumalo omwera, timu yathu inandisiya ndekha pakona. Yemwe anandigulira chakumwa ndi chimphona chija. Chinapepesa za khosi, kenako chinasuntha mipando n'kundipempha kuti ndichiphunzitse katsikidwe ka chiuno kaja, ati mwezi wamawa kuli ukwati wa mchemwali wake.