Lisiti la mbuzi

Amene anandiika m'mavuto ndi alamu anga a ku Joni. Anabwera pa Khirisimasi atavala magalasi akuda kunja kuli mitambo, n'kuyamba kuzungulira ka Hilux kanga kamene ndimanyamulira zitseko ndi mawindo achitsulo kuno ku Ulongué, ku Mozambique.

"Alamu, inu ndinu mmisiri, galimotoyi ndiye khasu lanu. Mafuta, matayala, za amakaniko, zonsezo boma limakuchotserani pa msonkho. Muzingosunga malisiti basi."

Chaka chonse cha 2023 ndinasanduka wotola mapepala. Pothirira mafuta sindinkachoka asanandipatse kapepala. Anyamata ogulitsa mafuta a m'zigubu pa msewu wa ku Calómuè ndinkawakakamiza kulemba, mpaka wina anang'amba katoni ya sopo n'kulembapo kuti "malita 5, alipira". Tayala ndinakagula ku Dedza, lisiti lake la makwacha, nalonso m'thumba.

Ndiye panali mbuzi. Inadumphira mumsewu ku Dómuè ndili ndi geti la munthu kumbuyo, ndipo sinadzukenso. Titakambirana pansi pa mtengo ndinalipira, koma ndinati izi zachitika pa ntchito, tilemberane. Mwini mbuzi sankadziwa kulemba, choncho ndinalemba ndekha, iye n'kudinda chala chimene anachipaka oilo wakuda wa mu injini. Nditafika kunyumba mayi a ana anangoti, "Abambo, nanga nyamayo boma lidyako?" Ine ndinawauza kuti nkhani za msonkho n'zakuya.

Mu Januwale ndinatsikira ku Moatize kukamangirira mageti, thumba la malisiti lili pa dashibodi kuti ndiziliona. Ife a ku Angónia tinazolowera mphepo yozizira, timaiwala kuti kumunsi kuja dzuwa limawotcha ngati lili ndi mangawa nawe. Galimoto inakhala pamtetete masiku atatu, magalasi otseka.

Tsiku lachinayi ndinawoloka Zambezi n'kukalowa mu ofesi ya msonkho mu Tete, malaya opisira, thumba kukhwapa. Nthawi zonse ndinkangotuma mphwanga kukalipira, koma ulendo uno ndinati ndalama zobwezedwa sutuma mwana.

Mayi amene ndinawapeza anandifunsa NUIT, nambala yanga ya msonkho, n'kulemba manambala 9 aja pa kompyuta.

"Bambo, inutu muli mu ISPC."

"Eya, shefe," ndinayankha, ngati akundiyamikira.

Anandifotokozera mofatsa, ngati mmene amachitira ndi mwana amene wabwera kusukulu tsiku la tchuthi. Umenewu ndi msonkho wa amalonda ang'onoang'ono, amene nthawi imeneyo anali osapitirira mametikali 2,500,000 pa chaka, ndipo ine ndinkapereka 3 pa 100 aliwonse amene ndagulitsa, miyezi itatu iliyonse. Sachotserapo kanthu. Chitseko mwachinyamula pa galimoto kapena pamutu, msonkho ndi womwewo. Wofuna kuti azimuchotsera zimene wawononga amalowa m'ndondomeko ina, yokhala ndi wowerengera ndalama wake ndi mabuku olongosoka, komanso mafatura, kutanthauza malisiti enieni okhala ndi NUIT ya wogulitsa.

Ndikanangothokoza n'kutuluka. Koma munthu wasunga chinthu chaka chathunthu. Ndinati, "Tangoonani kaye, shefe," n'kukhuthula thumba lonse pa tebulo.

Malisiti onse a pothirira mafuta, amene ndinkawadalira aja, anali atafufutika. Ena ayera mbee, ena ada bii ngati awambidwa pamoto. Timapepala toterera tija sitigwirizana ndi kutentha, ndinadziwira pomwepo. Mayi aja anatola kamodzi, kutembenuza, kutola kena, kutembenuza. Zowerengeka zinatsala zitatu: katoni ya sopo, makwacha a ku Dedza, ndi mbuzi.

La mbuzilo analiwerenga mokweza, pang'onopang'ono. "Mbuzi imodzi yaikazi, yafa pa ntchito." Anaitana mnzawo wa tebulo lina. Uyo anaitananso wina. Mdala wina amene anali kumbuyo kwanga pamzere anafunsa ngati inali ndi bere, chifukwa zikatero mtengo umakwera.

Ndili panja ndinawaimbira alamu pa WhatsApp. Anamvetsera bwinobwino, kenako anati, "Aa, alamu, inetu ndimanena za ku Joni kuno."

Mapepalawo mayi a ana ayatsira mbaula sabata ziwiri. La mbuzi lokha akana kuliwotcha. Analisunga m'kabati pamodzi ndi makapu a alendo, ndipo aliyense wobwera pakhomo amayamba wawerenga asanamwe tiyi.